Matenda amene sayezedwa kusikelo, koma amapewedwa pakhomo

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Kasungu kulowera ku Mzuzu amaidziwa Jenda. Basi ikangoima, amayi amathamangira m'mawindo atasenza matimati, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere, uku chapatali pang'ono utsi wa kanyenya uli tolotolo. Pakati pa amayi amenewa sipalephera kukhala oyembekezera. Analawirira kudimba kukathirira, anazula anyezi ndi manja awo, akabwerera kumudzi akaphika, ndipo madzulo akatsekera mbuzi m'khola. Umenewu ndiwo moyo umene umalipira fizi ya ana, kugula feteleza ndi kupereka mtulo wa Mpingo m'dera lino la kummwera kwa Mzimba.

Koma m'ntchito zomwezi muli njira zimene kachirombo kena kosaoneka ndi maso kamadzera kuti kafike kwa mwana amene akadali m'mimba. Matenda ake alibe dzina m'Chichewa. Madotolo amawatcha toxoplasmosis. Sali m'gulu la matenda amene mayi aliyense amayezedwa akapita kusikelo m'dziko muno, ndipo mayi amene wawatenga nthawi zambiri samva kanthu. Choncho chitetezo cha mwanayo chatsalira pakhomo: pa mpeni, pa mphika, pa ndowa ya madzi, ndi pa anthu amene mayiyo amakhala nawo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu ife a m'miphakati, osati ya anamwino okha.

Kachirombo kapachibale ndi ka malungo

Kachirombo koyambitsa matendawa kamatchedwa Toxoplasma gondii, ndipo kali m'banja limodzi ndi kamene kamayambitsa malungo. Kanatulukiridwa m'chaka cha 1908 ndi Charles Nicolle ndi Louis Manceaux ku Tunis, m'kanyama kena konga mbewa, ndipo chaka chomwecho Alfonso Splendore anakapeza mwa kalulu ku Brazil. M'chaka cha 1939 madotolo a ku New York anatsimikiza kuti kamatha kudwalitsa mwana asanabadwe. Koma zinatenga mpaka 1970 kuti akatswiri amvetse kuti mphaka ndiye mwini nkhani pa kufala kwake.

Zimayenda motere. Mphaka akadya khoswe kapena mbalame imene ili ndi kachiromboka, iko kamaswana m'matumbo mwake, ndipo kwa sabata imodzi kufikira zitatu mphakayo amatulutsa m'chimbudzi chake tinthu tonga timazira tochuluka miyandamiyanda. Timazirati sitikhala toopsa tsiku lomwelo. Timakhwima pakapita tsiku limodzi mpaka asanu. Tikakhwima timalimba koopsa, moti m'dothi lachinyontho ngati la kudimba timatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka. Mbuzi, nkhosa, nkhumba kapena nkhuku ikameza timazirati podya, kachiromboka kamakabisala m'minofu ndi mu ubongo wake. Munthu amakatenga pomeza dothi kapena madzi okhala ndi timazirati, kapenanso podya nyama yosapsa bwino.

Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi anakatengapo kale. Ambiri sanadziwe n'komwe. Ena amangotupa mwanabere m'khosi, kumva kutentha thupi ndi kuphwanya kwa masiku angapo, n'kumayesa ndi chimfine kapena malungo. Thupi limapanga chitetezo, kachiromboka n'kugona. Mayi amene anakatenga kalekale asanaime, ngati chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino, kawirikawiri sapatsira mwana wake. Ngozi ili pa mayi amene wakatenga koyamba ali kale ndi pakati.

Zimene kamachita kwa mwana

Mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, kachiromboka kamayenda m'magazi mpaka kukafika pa nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya kuchokera kwa mayi wake, ndipo nthawi zina kamaoloka. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'chaka cha 2007, wophatikiza zimene zipatala zambiri zinapeza, anaonetsa kuti mayi akakatenga mimba ili ndi masabata 13, ana 15 mwa 100 alionse amakatenga. Pa masabata 26 chiwerengerocho chimafika 44. Pa masabata 36 chimafika 71. Komabe kuopsa kwake kumayenda chobwerera. Mimba ikakhala yaing'ono kachiromboka kamaoloka mwa apo ndi apo, koma kakaoloka kamaononga kwambiri, pakuti ubongo ndi maso a mwana zimakhala zikuumbika. Mimba ikakula kamaoloka mosavuta, koma mwana amabadwa akuoneka wabwinobwino.

Zotsatira zake zoopsa ndi kupita padera, kubereka mwana wakufa kale, madzi kudzadza m'mutu mwa mwana mpaka mutu kukula mopitirira, zilonda m'kati mwa diso, kukomokakomoka, chikasu, kusamva ndi kuchedwa kukula m'nzeru. Ana oposa 7 mwa 10 alionse obadwa ndi kachiromboka saonetsa chizindikiro chilichonse pobadwa. Timawabatiza ali onenepa, tonse n'kusangalala. Koma ena mwa iwo, pakapita zaka, diso limayamba kuchita chidima, mwana n'kumalephera kuona zolembedwa pa bolodi, aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kafukufuku wina amene anatuluka m'magazini ya Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, WHO, m'chaka cha 2013 anayerekeza kuti chaka chilichonse ana pafupifupi 190,000 pa dziko lapansi amabadwa ndi matendawa, kutanthauza ana atatu mwa 2,000 alionse obadwa amoyo. Sitikufuna kuopseza wina aliyense: malungo, kuchepa kwa magazi ndi kutaya magazi pobereka n'zimene zimatipha koposa. Koma kwa banja limene lagweredwa, mwana mmodziyo ndiye chiwerengero chonse.

Chifukwa chake kusikelo sayeza

Mayi akayamba sikelo pa chipatala cha Jenda, ku Katete, ku Embangweni kapena pa chipatala cha boma ku Mzimba, amayezedwa kachirombo ka HIV, chindoko, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake. Amalandira neti, mapilitsi oonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi Fansidar woteteza ku malungo. Ndondomeko ya dziko lathu siikapo toxoplasmosis pa mndandanda wa zoyeza mayi aliyense, ndipo ichi si cholakwa cha chipatala chilichonse.

Kuyeza matendawa sikutheka ndi ulendo umodzi. Ku France, kuyambira 1992, mayi woyembekezera amene magazi ake aonetsa kuti sanakatengepo kachiromboka amayezedwa mwezi ndi mwezi mpaka atachira, kuti akangokatenga alandire mankhwala msanga. Dziko la Austria linayamba kuyeza amayi oyembekezera m'zaka za m'ma 1970. Koma ngakhale maiko olemera sagwirizana pa nkhaniyi: ku Britain ndi ku America sayeza mayi aliyense, amadalira kwambiri kuphunzitsa anthu kapewedwe. Mankhwala alipo, spiramycin woteteza mwana asanakatenge, ndi pyrimethamine pamodzi ndi sulfadiazine ngati wakatenga kale, ndipo mwana wobadwa nako amamwa mankhwala kwa chaka chathunthu moyang'aniridwa ndi dotolo. Zonsezi zimalira ndalama ndi zipangizo.

Tikayang'ana m'mene chuma chilili, tisadzinamize. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mankhwala ndi zipangizo zoyezera, zimene timagula kunja, zinakwera mtengo. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri ku maiko akunja, pamene gawo lalikulu la ntchito za umoyo m'Malawi lakhala likudalira abwenzi akunja. Pa nthawi imene boma ndi zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM zikulimbana kuti ma ARV ndi mankhwala a malungo asasowe, kuyeza toxoplasmosis mwezi ndi mwezi sikungafike msanga kumidzi ya kwa Mabilabo kapena kwa Mzukuzuku. Chimene chili m'manja mwathu lero ndi kupewa, ndipo mwayi wake ndi wakuti kupewako sikulira ndalama zambiri.

Pano pafunika chenjezo. Wina akamva kuti pyrimethamine amapezekanso mu Fansidar angaganize zokagula mapilitsi ku golosale kuti adzichize yekha. Musatero. Fansidar wa kusikelo ndi wa malungo, saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba ya mimba, ndipo saperekedwa kwa mayi amene akumwa Bactrim. Safunsa anadya phula.

Makomo anayi olowera

Khomo loyamba ndi dothi. Mphaka amakonda kudzithandiza pa dothi lofewa n'kukwirira: m'dimba, pa mulu wa mchenga womangira, pansi pa nkhokwe. Mvula ikagwa imakokolola zonsezo kutsikira kudambo. Mayi woyembekezera akachoka kudimba asambe m'manja ndi sopo, atsuke ndi m'zikhadabo momwe, asanagwire chakudya kapena kuika chala pakamwa. Matimati, kabichi ndi zipatso zotola pansi monga mango ndi masuku zitsukidwe ndi madzi abwino, makamaka zikamadyedwa zosaphika ngati saladi wa pa chipisi. Ndipo tinene poyera chimene ambiri amachita mobisa: kudya dothi. Amayi ambiri oyembekezera amalakalaka dothi la pa chulu kapena la pa khoma, ena amachita kugula pa msika. Chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda pamodzi ndi kuchepa kwa magazi. Si chinthu chochititsa manyazi, koma n'chofunika kuwauza anamwino, ndi kumwa mokhulupirika mapilitsi oonjezera magazi aja m'malo mwa dothi.

Khomo lachiwiri ndi nyama. Ife a ku Mzimba nyama timaidziwa. Palibe ukwati, maliro kapena mwambo wa Umthetho ku Hora wopanda nyama. Koma nyama ya mbuzi, ya nkhosa ndi ya nkhumba ndiyo imasunga kwambiri kachiromboka. Kanyenya wootchedwa mofulumira kuti basi ingachoke amapserera kunja, m'kati muli mofiira. Kachiromboka kamafa nyama ikapsa mpaka m'kati, pamene kufiira konse kwatha ndipo madzi otuluka sakuonetsanso magazi. Mchere, tsabola, kapena kuyanika pa dzuwa ndi pa utsi sizokwanira. Nyama yofutsa iphikidwenso. Wophika asalawe nyama isanapse, ndipo mpeni ndi thabwa zimene zadulira nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanadulire matimati.

Khomo lachitatu ndi madzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatiphunzitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa, ndipo chizolowezi chimenecho tisachisiye. Koma dziwani kuti timazira ta kachirombo aka tili ndi chikamba cholimba chimene kolorini wa m'madzi akumwa sachilowa. Mu 1995 mumzinda wa Victoria ku Canada, ndiponso mu 2001 m'tauni ya Santa Isabel do Ivaí ku Brazil, anthu ambiri anadwala toxoplasmosis chifukwa cha madzi akumwa a m'tauni. Kwa mayi woyembekezera amene amatunga pa chitsime chosavindikira kapena mumtsinje, njira yodalirika ndi kuwiritsa madziwo mpaka abwadamuke. Madzi a pa mjigo ndi abwinopo, malinga ndowa ikhale yotsuka ndi yovindikira.

Khomo lachinayi ndi khola. Kachirombo komweka ndi kamodzi mwa tizirombo timene timachititsa mbuzi ndi nkhosa kutaya bere. Mbuzi ikataya, kamwana kakufako ndi zotsalira zake zimakhala zodzadza ndi tizirombo. Mayi woyembekezera asazigwire, ndipo asathandize mbuzi kuswa. Wina azikwirire mozama kuti agalu ndi amphaka asafukule, asambe m'manja, n'kukadziwitsa alangizi a ziweto. Mkaka, makamaka wa mbuzi, uwiritsidwe usanamwedwe, ngakhalenso umene tikufuna kupangira chambiko. Kuwiritsako kumatetezanso ku matenda ena a ziweto monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe.

Amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV asamale mwapadera. Chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri, Toxoplasma amene anagona zaka zambiri amadzuka n'kutupitsa ubongo, ndipo angathenso kufika kwa mwana. Dziko la Malawi ndilo linayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV. Ma ARV amenewa pamodzi ndi Bactrim wa tsiku ndi tsiku ndiwo amatsekereza kachirombo kenaka. Aliyense wouza mayi wotere kuti asiye mankhwala chifukwa wapemphereredwa akuika miyoyo iwiri pa chiswe, ndipo sakulankhula m'dzina la Mpingo.

Mphaka asaphedwe, agogo asanamiziridwe

Pali zinthu ziwiri zimene ndikuopa polemba nkhaniyi. Choyamba n'chakuti ena athamangira kupha amphaka. Kumeneko n'kuotcha nyumba pofuna kupha nsikidzi. Mphaka amatulutsa timazira tija kwa masabata ochepa okha, kawirikawiri kamodzi pa moyo wake akadali wamng'ono, ndipo kumusisita pa msana si njira imene anthu amatengera matendawa. Mukapha mphaka, makoswe adzatha chimanga m'nkhokwe. Chofunika n'chakuti mphaka asagone pa ufa kapena pa mbale, asapatsidwe nyama yaiwisi, chimbudzi chake chichotsedwe tsiku lomwelo ndi munthu wina osati woyembekezerayo, ndiponso mayi asatenge kamwana ka mphaka katsopano pa nthawi ya mimba.

Chachiwiri n'choopsa koposa. M'maganizo mwa ambiri mphaka ndi nyama ya afiti, ndipo mwana akabadwa ndi mutu waukulu kapena mayi akapita padera kawirikawiri, pamudzi pamayamba manong'onong'o. Zaka zapitazo, nditapita kukachita Misa pa tchalitchi china cha kumudzi, ndinapeza banja litagawanika chifukwa cha khanda limene mutu wake unkakula mwezi ndi mwezi. Akuchimuna ankaloza mayi wa mwanayo kuti anayenda njira zosayenera, akuchikazi ankaloza gogo wina wamasiye amene ankaweta amphaka awiri. Ndalama zimene zikanalipira ulendo wa kuchipatala zinathera kwa woombeza. Pamene tinagwirizana zonyamula mwanayo, miyezi yofunika inali itapita.

Madzi m'mutu mwa khanda amabwera pa zifukwa zingapo: matenda oumitsa khosi, chilema cha msana chobadwa nacho, ndiponso toxoplasmosis. Pa zifukwa zonsezi palibepo gogo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo Maepiskopi athu ndi bungwe la Chilungamo ndi Mtendere akhala akudzudzula nkhanza zochitira okalamba. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane Woyera, mutu 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa mwini tchimo, koma Ambuye Yesu anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake, ndipo m'malo mwake anamuchiritsa. Mkhristu akaona khanda lodwala, funso lake lisakhale lakuti walakwa ndani, koma lakuti tinyamuka liti.

Mutu ukamakula mofulumira, liwombo likatupa, maso akamayang'ana pansi kapena kulowa m'mbali, mwana akamakomoka kapena akapanda kudzidzimuka ndi phokoso, pitani naye kuchipatala msanga. Kuchokera pa chipatala chaching'ono adzakutumizani ku Mzimba, ndipo ngati n'kofunika ku Mzuzu Central. Opaleshoni yochotsa madzi m'mutu imachitika m'dziko mwathu muno, monga pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo imathandiza kwambiri mwana akafika nthawi yabwino.

Ntchito ya ndani?

N'kosavuta kulemba mndandanda wa malamulo n'kuupachika pa khosi pa mayi woyembekezera: usadye ichi, usagwire icho. Koma tonse tikudziwa m'mene mabanja athu alili. Kuno mkazi amakhala kwawo kwa mwamuna, ndipo amuna ambiri a m'boma lino ali ku Joni kukasaka ndalama. Mtengwa wa zaka 19 sangauze apongozi ake kuti lero sindilowa m'khola, kapena kuti nkhuni zina zipite kowiritsa madzi. Akatero adzatchedwa waulesi ndi wamwano. Choncho uthengawu ukangofika kwa iye yekha, wafika pa munthu amene alibe mphamvu zousintha kukhala zochita.

Inu apongozi, mwana ali m'mimbayo ndi mdzukulu wanu, ndiye adzatenge dzina la pamudzi panu. Inu ndinu muyenera kuyamba kunena kuti mtengwa asakhudze mbuzi yotaya bere, ndipo madzi ake awiritsidwe. Inu abambo amene muli pakhomo, kuchotsa chimbudzi cha mphaka, kusenda mbuzi ndi kuonetsetsa kuti nyama yapsa sikuchotsa ulemu wa mwamuna. Inu amene muli kutali, potumiza ndalama tchulani za sopo, nkhuni ndi ulendo wa kusikelo. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, koyamba miyezi itatu isanathe, ndipo dziko lathu linatengera malangizowo. Mwambo wobisa mimba mpaka ioneke umatayitsa miyezi yomwe ija imene mwana amakhala pa ngozi yaikulu.

Inu makatekisiti, pophunzitsa okonzekera ukwati ndi makolo odzabatiza ana, patulani mphindi khumi za makomo anayi aja. Atsogoleri a miphakati, a Bungwe la Amayi Achikatolika ndi a Legio wa Maria, itanani mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wa m'dera lanu adzalankhule pa msonkhano umodzi, ndipo abambo ndi agogo akhalepo. Akhristu amene mumaotcha kanyenya pa Jenda ndi m'misika ina, mphindi zochepa zoonjezera pa moto n'zachifundo kwa mwana amene simudzamuona. Ndipo pa maphwando athu a parishi, pamene miphika imakhala yaikulu ndipo anthu ali ndi njala, ophika asapupulume.

M'chaka cha 1995 Papa Yohane Paulo Wachiwiri analemba kalata yotchedwa Evangelium Vitae, yophunzitsa kuti moyo wa munthu ndi wopatulika kuyambira pamene mayi waima. Chiphunzitsochi timachilalika mwamphamvu pa nkhani ya kuchotsa mimba, ndipo n'koyenera. Koma chimatifunsanso za zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Amayi Maria atamva kuti Elizabeti ali ndi pakati muukalamba wake, ananyamuka ulendo wa kumapiri n'kukakhala naye pafupifupi miyezi itatu, ndipo tingaganize kuti m'miyezi imeneyo munali kutunga madzi ndi kusonkha moto. M'mphakati uliwonse muli Elizabeti wake mwezi uno. Lamulungu likubwerali, mukatha mapemphero, funsanani kuti ndani akamutungire madzi, ndani akamuthiririre dimba, ndipo ndani akamuperekeze kusikelo.